Ulendo wokasambira pansi pa nyanja kunja: mafunso ndi mayankho pa za ndalama zonyamula ndi za tip

M'miyezi yapitayi ofesi yathu, yomwe imakonza maulendo a anthu okasambira pansi pa nyanja m'mayiko akunja, yalandira madandaulo angapo okhudza ndalama. Ena anakanidwa madola awo pamalo osinthira ndalama, ena anadabwa kupeza envulopu yopanda kanthu yoti aikemo tip (ndalama yothokozera ogwira ntchito) pabedi pawo usiku womaliza m'boti, ndipo awiri atatu anatiimbira foni atakwiya, akunena kuti tinawabisira mtengo weniweni wa ulendo. Mafunso ali m'munsimu ndi amene akubwerabwera, ndipo tawayankha monga tikudziwira.

Ndinyamule ndalama ya dziko liti?

Madola a ku America, pamodzi ndi ndalama pang'ono za dziko limene mukupitako. Kumadoko a ku Egypt monga Hurghada ndi Sharm el-Sheikh, yuro nayo imalandiridwa bwino. Ku Indonesia lamulo limafuna kuti malonda ochitikira m'dzikomo alipiridwe ndi rupiah, choncho kumeneko musadalire dola pogula zinthu pamtunda.

N'chifukwa chiyani anakana dola yanga pamene si yachinyengo?

Boma la America limavomereza ndalama zake zonse zapepala, zakale ndi zatsopano zomwe, koma osintha ndalama m'mayiko ambiri ali ndi malamulo awoawo ndipo ife tilibe mphamvu pa iwo. Amakana pepala long'ambika ngakhale pakona pokha, lolembedwa ndi bolopeni, lodindidwa chidindo kapena lothimbirira ndi madzi, ndipo ambiri amakayikira mapepala osindikizidwa kale. Pepala la madola 100 limene silivuta ndi lija linatuluka mu 2013, lokhala ndi kamzere ka buluu pakati. Mukamatenga ndalama ku banki, muyang'ane pepala lililonse musanachoke pakauntala. M'boti zinthu zonse zimanyowa, choncho ndalamazo muzisunge m'kathumba kosalowa madzi, osazipinda.

Nanga ndalama zachitsulo?

Musapereke, chifukwa mabanki sasintha ndalama zachitsulo za dziko lina. Ndiye chifukwa chake mumapeza wogwira ntchito padoko atadzaza dzanja ndi timakobidi ta yuro, akuyenda kwa mlendo uyu ndi uyo kupempha kuti wina amusinthire ndi pepala limodzi.

Kalata yanu inati khadi ya banki imagwira m'boti. Bwanji sinagwire?

Tikuvomereza kuti kalatayo sinafotokoze mokwanira, ndipo taikonza. Eni boti anatiuza kuti ali ndi makina olipirira, ndipo analidi nawo, koma makinawo amafuna netiweki, imene imasowa boti likatalikira mtunda. Maboti ena amawonjezeranso kandalama pa malipiro a pakhadi, ndipo ena salandira tip kudzera pakhadi. Pamene makina akugwira, akakufunsani ngati mukufuna kulipira m'ndalama ya dzikolo kapena ya kwanu, musankhe ya dzikolo, chifukwa njira inayo imabwera ndi mtengo wosinthira umene kawirikawiri umakudyerani.

Kodi tip ndi yokakamiza?

Ayi, palibe lamulo lokukakamizani, ndipo palibe amene angakuletseni kutsika m'boti chifukwa simunapereke. Komabe sitingakhale tikunena zoona titakuuzani kuti nkhaniyo ndi yopepuka. M'madera ambiri otchuka pa kusambiraku malipiro a ogwira ntchito m'boti ndi ochepa, ndipo eni maboti amawalemba ntchito akudziwa kuti gawo lina la zopeza zawo lidzachokera kwa alendo. Kaya dongosolo limeneli ndi lachilungamo kapena ayi, imeneyo ndi nkhani yokambirana, ndipo ena mwa ife muofesi muno sitilikonda, koma mlendo akakana kupereka pofuna kutsutsa dongosololo, amene amamva kuwawa si mwini boti. Amamva kuwawa ndi mnyamata uja amadzaza masilinda a mpweya usiku inu mutagona, amene m'mawa amakugwirirani silinda kumsana pamene mukumanga malamba, kenako n'kukulandirani zipsepse za kumapazi mukamakwera makwerero mafunde akumenya. Mwambowu suli paliponse. Ku Japan, mwachitsanzo, anthu sazolowera kulandira tip ndipo angathe kuikana, choncho mutifunse za dziko limene mukupitako.

Ndipereke zingati?

Apa ndi pamene timasamala kwambiri poyankha, chifukwa nambala iliyonse imene tingatchule ena amaitenga ngati bilu. Pa maboti ogonamo sabata yathunthu, eni ake ambiri amatchula pafupifupi 10 peresenti ya mtengo wa botilo, osawerengera tikiti ya ndege, ndipo ena amatchula yocheperapo. Pa maulendo a tsiku limodzi, makamaka ku Caribbean ndi ku Mexico, anthu ambiri amawerengera madola 5 mpaka 10 pa silinda iliyonse imene asambira nayo. Imeneyi ndi miyeso ya chizolowezi chabe. Amene wasunga ndalama zaka zingapo kuti akwanitse ulendowu asachite manyazi kupereka kangachepe kamene angathe, ndipo amene sanakhutire ndi chisamaliro ali ndi ufulu wochepetsa. Chimene tikupempha n'chakuti ngati vuto linakhudza chitetezo, monga mpweya wonunkha mafuta kapena wotsogolera amene anasiya gulu pansi pa madzi, mulinene kwa woyang'anira boti tsiku lomwelo ndiponso kwa ife, pakuti envulopu yopepuka siuza munthu chimene chinalakwika.

Bwanji osangoiphatikiza pa mtengo wa ulendo kuti tisadzidzimuke?

Tinaganizirapo. Tikaiphatikiza imasiya kukhala ndalama yothokozera n'kukhala malipiro, imadutsa m'maakaunti a makampani awiri isanafike kwa ogwira ntchito, ndipo sitingathe kukutsimikizirani kuti yafika yonse. Chimene tasintha n'chakuti tsopano kalata ya mtengo ikutchula poyera kuti tip ili padera.

Kodi ofesi yanu imalandirako gawo la tip?

Ayi, sitilandirako ngakhale pang'ono.

Ndimupatse m'manja wotsogolera wanga kapena ndiike mu envulopu?

Pa maboti ambiri envulopu kapena bokosi ndi la onse, ndipo ndalamazo zimagawidwa kwa kapitawo wa boti, amakaniko, ophika, oyeretsa zipinda ndi oyendetsa timaboti ting'onoting'ono, anthu amene ena mwa iwo simuwaona n'komwe sabata yonse. Kagawidwe kake kamasiyana, ndipo pa maboti ena otsogolera osambira amakhala ndi envulopu yawoyawo. Kufunsa woyang'anira boti mmene amagawira si chipongwe. Ngati wina anakuthandizani mwapadera mungathe kumuwonjezera m'manja, koma zimenezi zisalowe m'malo mwa envulopu ya onse.

Pa bilu ya ku Maldives panali kale 10 peresenti. Ndiperekenso?

Imeneyo ndi ndalama ya chisamaliro imene lamulo la dzikolo limafuna kuti malo a alendo azilipiritsa, ndipo imayenera kugawidwa kwa ogwira ntchito. Kuwonjezera kapena kusawonjezera zili kwa inu.

Kodi si bwino kupereka tip m'ndalama ya dzikolo?

Kwa wonyamula katundu kapena woyendetsa galimoto, inde, chifukwa angaigwiritse ntchito nthawi yomweyo popanda kukasintha. Pa envulopu yayikulu, ogwira ntchito m'mayiko amene ndalama yawo imagwa mphamvu amakonda dola kapena yuro. Mu Marichi 2024 paundi ya ku Egypt inagwa tsiku limodzi kuchoka pa mapaundi pafupifupi 31 kufika pafupifupi 50 pa dola imodzi, ndipo amene anali atasunga mapaundi anaona ndalama zawo zikuchepa mphamvu zili m'thumba.

Ndingadutse ndi ndalama zingati pabwalo la ndege?

Dziko lililonse lili ndi malire ake. Polowa kapena kutuluka m'mayiko a European Union muyenera kulembetsa ngati mwanyamula mayuro 10,000 kapena kuposerapo, ndipo ku America ngati zapitirira madola 10,000.

Ndalama zikandithera m'boti nditani?

Muuzeni woyang'anira boti msanga. Popeza munthu amene wasambira masiku angapo motsatizana amayenera kudikira maola osachepera 18 asanakwere ndege, nthawi zambiri pamakhala mpata wofika pa makina a ATM boti likakocheza. Koma kuzilumba zakutali monga Raja Ampat ku Indonesia makinawo ndi ochepa ndipo nthawi zina amakhala opanda ndalama, choncho mutape zokwanira mumzinda waukulu musanakwere boti.