Komwe mkangano wa Admarc udachokera

Nthawi yokolola ikangofika, madandaulo amakhala omwewo: Admarc yachedwa kutsegula misika, ndalama zogulira mbewu sizinafike, mavenda alowa kale m'midzi ndi masikelo awo. Ena amati bungweli lingothetsedwa, ena amati libwerere mwakale, ngati nthawi ya Kamuzu. Onsewa ali ndi zifukwa, ndipo zifukwazo si za lero.

Mizu yake ili m'nthawi ya atsamunda. Mu 1926 boma la Nyasaland lidakhazikitsa Native Tobacco Board kuti iziyang'anira fodya wa alimi a m'midzi, makamaka ku Lilongwe ndi Dowa. Kenako kudabwera mabungwe ena oona za thonje ndi mbewu zina, ndipo mu 1956 adawaphatikiza onse kukhala bungwe limodzi. Mu 1962 dzina lidasintha kukhala Farmers Marketing Board, ndipo mu 1971 m'pomwe Admarc idabadwa, likulu lake lili ku Limbe.

Akuluakulu akamaikumbukira ndi chisoni sanama ayi. Msika unkafika pafupi ndi mudzi, mtengo unali umodzi kaya uli ku Chitipa kaya ku Nsanje, feteleza ndi mbewu unkagula pompo, ndipo miyezi ya njala chimanga chinkapezeka kudepoti. Kwa mlimi wokhala kutali ndi msewu, zimenezi zinali moyo.

Koma pali mbali ina imene sitiikamba mokwanira. Mlimi wamng'ono analibe kwina kogulitsa fodya, thonje ndi mtedza wake. Admarc inkamugula motchipa, n'kukagulitsa kunja pa mtengo wokwera, ndipo phindu lambiri silinkabwerera kumudzi. Linkapita ku maesiteti ndi ku makampani, kuphatikizapo ngongole zimene zidapatsidwa kwa Press Holdings, kampani ya Kamuzu mwini. Pa nthawi yomweyo lamulo la Special Crops Act linkaletsa mlimi wa kumudzi kulima fodya wa bale, amene anali ndi ndalama zenizeni. Kunena zoona, thukuta la mlimi wa khasu ndi limene lidamanga maesiteti a anthu apamwamba, ndipo zimandipweteka kuti mbali iyi imasowa tikamayamikira masiku akalewo.

Zinthu zidayamba kupendekeka cha m'ma 1980. Mitengo ya mbewu kunja idagwa, nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira za ku Beira ndi Nacala, mtengo wonyamulira katundu udakwera, Admarc n'kuyamba kuluza. World Bank ndi IMF, popereka ngongole, zidakakamiza boma kumasula msika. Mu 1987 ochita malonda adaloledwa kugula mbewu kwa alimi, ndipo misika ya Admarc yosapindulitsa idatsekedwa. Vuto n'lakuti venda amapita komwe galimoto ifika mosavuta. Madera akutali adatsala opanda wogula.

Mu 1999 udindo wosunga chimanga cha dziko udapita ku National Food Reserve Agency. Posakhalitsa chimanga cha m'nkhokwezo chidagulitsidwa pafupifupi chonse, ndipo njala ya 2002 itafika, anthu adafa m'midzi nkhokwe za ku Kanengo zili pululu. Amene adagona pa mizere kudepoti chaka chimenecho sangakhulupirire kuti msika womasuka ungadyetse dziko paokha.

Ngakhale zinali choncho, kumapeto kwa 2003 Nyumba ya Malamulo idafafaniza lamulo lokhazikitsa Admarc, ndipo idasanduka kampani ya boma yoyenera kudzipezera phindu. Komabe boma lomwelo limailamula kugula kwa mlimi pa mtengo wabwino ndi kugulitsa chimanga motchipa nthawi ya njala, ntchito zimene sizingabweretse phindu. Ndalama zogwirira ntchitozi zimachokera ku Thumba la boma kapena ku ngongole za kubanki, ndipo kawirikawiri zimafika mlimi atagulitsa kale kwa venda. Ngongole zidaunjikana, nkhani za katangale zidachuluka, mpaka mu 2022 boma lidaimitsa ntchito za Admarc n'kuchotsa antchito masauzande, ponena kuti likufuna kuikonza mwatsopano.