Mphenzi, Namondwe ndi Ng'amba: Uthenga wa Zaumoyo kwa Ana a Sukulu

Dzuwa likaswa mtengo, madzi a m'nyanja ndi a m'nthaka amasanduka nthunzi n'kukwera kumwamba. Ikazizira kumeneko imapanga mitambo. Nthunziyo ikachuluka ndi kukwera mwaliwiro, mtambo umakula n'kuda bii. M'kati mwake timadontho ta madzi ndi timiyala ta madzi oundana timakhulana mpaka kupanga mphamvu ya magetsi. Imeneyo ndiyo mphenzi. Timiyala tija tikakula n'kugwa, ndiye matalala.

Mukamva bingu, mphenzi ikhoza kukufikani. Siyani mpira, tulukani mumtsinje, lowani m'nyumba kapena m'kalasi. Musabisale pansi pa mtengo, ngakhale mvula ikunyowetseni chotani. Mnzanu akawombedwa ndi mphenzi sakhala ndi magetsi m'thupi, choncho musaope kumugwira. Itanani akuluakulu athamange naye kuchipatala.

Namondwe amabadwira panyanja yamchere, pamene madzi afunda kufika madigiri 26 kapena kuposa. Mphepo imazungulira n'kumasonkhanitsa mitambo yodzaza mvula. Namondwe wa Freddy anayambira kufupi ndi Australia mu February 2023, nawoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, nadutsa ku Madagascar ndi ku Mozambique, ndipo mu March anafika kummwera kwa Malawi. Mvula inagwa usana ndi usiku. Phiri la Soche linagumuka, matope ndi miyala zinakwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Agogo athu amati napolo wadutsa. Chimene chimachitika n'chakuti dothi likakhuta madzi limatereraka, makamaka pamene mitengo inadulidwa. Mukaona madzi a mumtsinje asanduka matope mwadzidzidzi, kapena mukamva mkokomo kuphiri, thawirani kumbali, kumalo okwera. Madzi othamanga musawawoloke ngakhale akulekeza m'mawondo. Kuli bwino kujomba tsiku limodzi.

Koma ngozi imene imandidetsa nkhawa kwambiri imabwera mvula itakata. Madzi osefukira amagwetsa zimbudzi n'kukokera zonyansa m'zitsime. Madzi atha kuoneka oyera mbee koma muli tizilombo ta kolera. Freddy anatipeza tili kale pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022, ndipo mliriwo unapha anthu oposa 1,700. Imwani madzi owiritsa kapena othira klorini, ndipo muwasunge mu chidebe chovindikira. Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi komanso musanadye. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi aukhondo, azimwa pang'onopang'ono uku mukupita naye kuchipatala. Musadikire kuti kuche. Kolera imatha madzi m'thupi m'maola ochepa chabe. M'zithaphwi zotsalira mumaswana udzudzu, ndiye gonani mu neti usiku uliwonse, ngakhale muli kumsasa wa anthu othawa madzi.

Ng'amba imabwera mwakachetechete. Madzi a m'nyanja ya Pacific akafunda kuposa nthawi zonse, zimene amazitcha El Niño, mvula imachepa kuno kummwera kwa Africa, monga zinachitikira mu 2024 pamene chimanga chinauma m'minda. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumatha kupyola madigiri 40. Tengani botolo la madzi popita kusukulu, masana khalani pamthunzi. Mnzanu akamva chizungulire kapena mutu waukulu, mugonekeni pozizira, mumpatse madzi ngati akutha kumeza, ndipo muwauze aphunzitsi nthawi yomweyo.