Bokosi la Mafumu Atatu ku Cologne

Mfumu Frederick Barbarossa ya ku Germany itagonjetsa mzinda wa Milan ku Italy mu 1162, inatenga chinthu chimene anthu a mumzindawo ankachinyadira koposa: mafupa omwe ankakhulupirira kuti ndi a anzeru a kum'mawa aja anakagwadira Yesu ku Betelehemu, omwe amatchedwanso mafumu atatu. Mafupawo ankasungidwa m'tchalitchi cha Sant'Eustorgio. Mfumuyo inawapereka kwa Rainald von Dassel, arkiepiskopi wa Cologne, ndipo iye anafika nawo ku Germany mu 1164.

Mafupa otere sangasungidwe m'bokosi wamba. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100 ntchito inayambika, ndipo inatha cha m'ma 1225. Dzina lomwe limatchulidwa kwambiri ndi la Nicholas wa ku Verdun, mmisiri wosula golide yemwe anali atatchuka kale ndi ntchito yake ya ku Klosterneuburg ku Austria ya mu 1181. Bokosilo n'lalitali mamita 2.2, m'lifupi mita 1.1, ndipo msinkhu wake ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka. Analipanga ngati katchalitchi, mabokosi awiri pansi ndi lachitatu pamwamba.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti m'kati mwake ndi matabwa a mtengo wa oak basi. Ulemerero wonse uli pa chikopa chopyapyala cha golide, siliva ndi mkuwa chimene manja a anthu anachikuta pamwamba. Aneneri a m'Baibulo omwe zifaniziro zawo zili m'mbali mwa bokosilo sanawaumbe m'chikombole. Mmisiri ankatenga chipepala cha siliva n'kumachigogoda ndi kanyundo kuchokera kumbuyo, pang'onopang'ono, mpaka mphuno itatuluka, ndevu zitapotana, mkanjo utapinda pa bondo. Akangomenya mopitiriza, siliva ankabooka, ndipo ntchito ya masabata inkathera pomwepo. Nkhope za aneneriwa n'zosiyana, aliyense ndi maganizo ake, wina watembenuka ngati wamva kuitana.

Kupaka golide kunali koopsa. Ankasakaniza golide ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi, n'kupaka phalalo pa chitsulo, kenako n'kuwotcha pa moto kuti mercury auluke, golide atsale atamamatira. Utsi umenewo ndi poizoni, ndipo amisiri ankaupuma. Mitundu yobiriwira ndi yamtambo ya pa timizati ndi galasi: ankagoba timaenje pa mkuwa, kuthiramo ufa wa galasi, kuwotcha mpaka usungunuke, kenako kupalapala mpaka kusalala. Palinso timawaya ta golide topota ngati ulusi, tozinga miyala yamtengo wapatali ndi ngale zoposa 1,000. Miyala ina pafupifupi 300 inagobedwa kale kwambiri m'nthawi ya Aroma ndi Agiriki, ina ili ndi nkhope za mafumu ndi milungu yawo, koma amisiri sanaone vuto kuiika pa bokosi la Akhristu. Mwala wina waukulu unabedwa mu 1574, ndipo lero uli m'nyumba yosungira zakale ku Vienna.

Ndale nazo zinalowamo. Otto IV, mfumu ya ku Germany, anapereka golide wa kutsogolo kwa bokosilo, ndipo chithunzi chake chili pomwepo, kumbuyo kwa mafumu atatu aja, ngati wachinayi pa mzere wopita kwa Mariya ndi mwana wake.

Amwendamnjira ankabwera mwaunyinji, moti tchalitchi chakale chinachepa. Mu 1248 anaika mwala woyamba wa tchalitchi chachikulu chimene chilipo lero, chomwe chinamalizidwa mu 1880. Zisoti zitatu za pa chizindikiro cha mzinda wa Cologne zimachokeranso pa nkhani yomweyi.

Asilikali a ku France akubwera mu 1794, bokosilo analithawitsira ku Arnsberg. Linabwerako litawonongeka, zidutswa zina zitasowa, ndipo pokonza analifupikitsa. Pakati pa 1961 ndi 1973 m'pamene analibwezeretsa kutalika kwake koyamba.

A ku Milan sanaleke kudandaula. Patapita zaka zoposa 700, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Cologne inawabwezera tizidutswa tochepa, ndipo tili m'tchalitchi cha Sant'Eustorgio pafupi ndi bokosi lalikulu lamwala momwe mafupawo ankagona kale. Otsalawo akadali ku Cologne, kuseri kwa guwa lalikulu. Pa 6 Januwale, tsiku la chaka cha Epifaniya, amachotsa kachitseko ka kutsogolo, ndipo anthu amaona zigaza zitatu kuseri kwa zitsulo.