Ngwazi ndi mfumu ya ziwanda: mkangano wa Frieren unachokera kutali

Chiyambireni kuonetsedwa mu Sepitembala 2023, katuni ya ku Japan yotchedwa Frieren yakhala ikutamandidwa kwambiri, koma pali malo amodzi pamene oonera amagawanika, ndipo chigawo chachiwiri cha mu Januwale 2026 changokolezera moto umene unayamba kuzilala. Pagona nkhani ndi pa ziwanda. Mu katuniyi ziwanda zimaoneka ngati anthu, zimavala bwino, zimalankhula mwaulemu, koma Frieren, mayi wamatsenga amene wakhala ndi moyo zaka zoposa 1,000, amati ndi zilombo chabe zomwe zinaphunzira kulankhula kuti zizinamiza anthu, ndipo amazipha osafunsa. Chimene chimautsa mapiri pachigwa n'chakuti nkhaniyo imamuvomereza. Kamtsikana kachiwanda kamene kanadya mwana wa eni kakulira kuti "amayi", ngwazi Himmel akukachitira chifundo, mfumu ya mudzi ikukatenga kukakhala nako, ndipo pasanapite nthawi kakupha mfumuyo. Pofa, kakufunsidwa chifukwa chake kamaitana amayi pamene ziwanda sizilera ana. Yankho lake n'lakuti mawuwo amachititsa anthu kuleka kukapha.

Ena akuti apa olemba, Kanehito Yamada ndi wojambula Tsukasa Abe, anachita bwino kubwezera chiwanda pa malo ake patapita zaka zambiri tikuonetsedwa mafumu a ziwanda okoma mtima. Ena akuti nkhani yophunzitsa kuti pali mtundu wina wolankhula ngati ife umene kuumvera chisoni n'kupusa ili ndi fungo lomwe analimvapo kale kwina. Mbali zonse ziwiri zimalankhula ngati kutembenuza udindo wa ngwazi ndi mfumu ya ziwanda ndi fasho ya dzana. Si choncho.

Chikombole chomwe aliyense akuswa lero chinaumbidwa ndi gemu, osati katuni. Pa 27 Meyi 1986 kampani ya Enix inatulutsa Dragon Quest pa makina osewerera magemu a Famicom. 2026 ndi chaka chake cha 40. Anaikonza ndi Yuji Horii, zithunzi anajambula Akira Toriyama wa Dragon Ball uja, nyimbo anapeka Koichi Sugiyama. Horii anatengera magemu a ku America monga Wizardry ndi Ultima n'kuwafewetsa kuti mwana wa sukulu azitha kusewera. Mfumu ikutuma mnyamata, mnyamata akugula lupanga, akupulumutsa mwana wamkazi wa mfumu, akukafika ku nyumba ya mdani. Gemu yachitatu, ya mu Febuluwale 1988, ndiyo inakhazikitsa zoti mdaniyo ndi mfumu ya ziwanda: Baramos, ndipo kuseri kwake Zoma. Anthu anafola mizere yaitali pogula, ana ena anajomba kusukulu. Kawirikawiri mumamva kuti boma la Japan linakhazikitsa lamulo loletsa kutulutsa Dragon Quest mkati mwa sabata. Lamulo lotere kulibe. Ndi kampaniyo yokha imene inayamba kusankha masiku opuma.

Mng'alu woyamba unali kale m'gemu ya 1986 yomweyo. Ukafika pamaso pa mdani wamkulu, Dragonlord, iye sathamangira kumenyana. Amakuuza kuti ukakhala mbali yake akugawira theka la dziko, ndipo gemu imakupatsa mwayi wovomera kapena kukana. Ukavomera, chinsalu chimada, ulendo wathera pomwepo. Unali msampha. Koma ana ambirimbiri anakula akukumbukira kuti mdani wamkulu analankhula nawo kaye.

Zaka za m'ma 1990 tingozidutsa mothamanga. Mu Dragon Quest IV ya 1990 mdani Psaro amalusa chifukwa anthu adyera anazunza mpaka kupha wokondedwa wake Rose, amene misozi yake inkasanduka miyala yamtengo wapatali. Mu gemu ya Live A Live ya kampani ya Square, ya 1994, ngwazi Oersted amanamiziridwa, kukanidwa ndi anthu ake, mapeto ake iye mwini n'kukhala mfumu ya ziwanda. Mu gemu ya Moon ya 1997 ngwazi ndiye wakupha zinyama zosalakwa ndi kulowa m'nyumba za anthu kutsegula makabati. Zonsezi zinkasintha munthu wokhala pampando woipa, koma nkhondo yeniyeniyo sizinkaifunsa kuti ilipo chifukwa chiyani.

Ine ndimaona kuti zinthu zinakhota mu 2009, pa malo osayembekezeka. Pa bwalo la pa intaneti la 2channel, pomwe anthu amalemba osatchula maina, panali chizolowezi cholemba tinkhani ta makambirano okhaokha pakati pa Ngwazi ndi Mfumu ya Ziwanda. Amene anayambitsa chizolowezichi sadziwika, chifukwa olemba analibe maina ndipo zambiri zinafufutika. Choncho amene amati nkhani yotchedwa Maoyu ndiyo inali yoyamba akunena zomwe palibe angazitsimikize. Chodziwika n'chakuti mu Sepitembala chaka chimenecho munthu amene pambuyo pake anadziwika kuti Mamare Touno anayamba kulemba nkhani ya Maoyu, yomwe mutu wake poyamba unali ziganizo ziwiri: Mfumu ya Ziwanda ikupempha Ngwazi kuti akhale wake, Ngwazi akukana.

M'nkhaniyi nkhondo ya anthu ndi ziwanda yakhala ikumenyedwa kwa zaka 15. Ngwazi wasiya anzake, walowa yekha m'nyumba ya mdani, lupanga m'manja. Akupeza kuti mfumuyo ndi mkazi, ndipo m'malo mwa chida wanyamula mapepala a ziwerengero. Akumufotokozera kuti maiko akummwera, omwe ndi osauka ndiponso ozizira, amadya chifukwa cha thandizo limene maiko apakati amatumiza kuti iwo azimenya nkhondo. Maiko apakati nawo amalemera pogulitsa katundu wa nkhondoyo, ndipo mdani mmodzi ndiye wawaletsa kudyana okhaokha. Mfumu ikafa lero, thandizo lileka, njala ipha anthu ambiri kuposa lupanga, ndipo wopambana asandutsa wogonja kapolo. Wokulira m'dziko lomwe bajeti yake imadikira abwenzi akunja samva chachilendo pamenepa. Ngwazi akusowa choyankha, akuvomera. Funso la Dragonlord lija, patapita zaka 23, linapeza woliyankha kuti inde popanda chinsalu kuda.

Zomwe zikutsatira si nkhondo koma ulimi ndi malonda. Mfumu ikudzibisa ngati mphunzitsi pamudzi wina, ikuphunzitsa kasinthasintha wa mbewu wa minda inayi, ikubweretsa mbatatesi, chimanga, kampasi ya amalinyero ndi makina osindikizira mabuku. Akuluakulu a mpingo wa maiko apakati, poona kuti akummwera ayamba kudzidyetsa okha, akulengeza kuti mbatatesi ndi mbewu ya ziwanda ndipo mphunzitsiyo ndi wampatuko. Pachimake pa katuni yake palibe ndewu ya malupanga: mtsikana wantchito amene anathawa ukapolo wa m'minda, atavala nkhope ya mphunzitsiyo, akuima pamaso pa khamu atamangidwa maunyolo n'kunena kuti iye ndi munthu. Palibe ndi mmodzi yemwe m'nkhaniyi amene ali ndi dzina. Onse amatchulidwa ndi udindo, Ngwazi, Mfumu ya Ziwanda, Wamalonda Wachinyamata. Kampani ya Enterbrain inayamba kuisindikiza ngati mabuku kumapeto kwa 2010, ndipo katuni inatuluka mu Januwale 2013. Kunena zoona katuniyo inathamanga, inapanikiza zambiri m'magawo 12, ndipo nthabwala zonena za thupi la mfumuyo zimatopetsa. Koma inasuntha funso. Kuyambira pamenepo sizinalinso zoti woipa ndani, koma zoti akudyerapo ndani.

Patangopita miyezi itatu, mu Epulo 2013, kunabwera The Devil Is a Part-Timer!, yochokera m'mabuku a Satoshi Wagahara, m'mene mfumu ya ziwanda yogonja imathawira ku Tokyo n'kuyamba ganyu yogulitsa tchipisi pa malo odyera otchedwa MgRonald, pamene ngwazi Emilia amayankha mafoni a makasitomala pa kampani ina. Kenako chigumula. Overlord mu 2015, Helck, ina ya mfumu ya ziwanda yobadwanso n'kupita kusukulu, ina ya mwana wa mfumu wobedwa amene amazunza ziwanda pofuna tulo tabwino, ina ya ngwazi yochotsedwa ntchito yokafunsira ina kwa adani. Zambiri mwa izi n'zongotengerana, ndipo pofika 2020 mfumu ya ziwanda yabwino inali itasanduka chikombole chinanso. Manga ya Frieren, nkhani ya zithunzi yosindikizidwa imene katuniyo inachokera, inayamba mu Epulo chaka chomwecho m'magazini ya Weekly Shonen Sunday, ikuyambira pomwe ena amathera: mfumu yafa kale, ulendo wa zaka 10 watha, ndipo patapita zaka 50 Himmel akumwalira ali nkhalamba. Oikira kumbuyo Frieren amanena zoona akamati, pa nthawi imeneyo, chiwanda chosasinthika ndicho chinali chachilendo.

Ali ndi mfundo inanso yolimba. Ziwanda za Frieren sizifanizidwa ndi mtundu uliwonse wa anthu. Zilibe dziko, chipembedzo kapena khungu loloza kwina. Ndipo m'mangamo muli Macht, chiwanda chomwe chinakhala zaka zambiri chikutumikira mumzinda wa Weise chikufunitsitsa kumvetsa kuti kudziimba mlandu n'chiyani, n'kusandutsa mzinda wonse golide poyesa kuti mwina chimva kanthu. Sichinamve. Olemba oganiza mwachibwana sakanalemba zimenezo. Mangayo sinathe, ndiye aliyense wonena motsimikiza kumene nkhani ya ziwanda ikathere akungolosera.

Komabe odandaula aja sakulota. J.R.R. Tolkien, mlembi wa The Lord of the Rings, anavutika mpaka ukalamba ndi funso la ma orc, zolengedwa zoipa za m'mabuku ake, ngati cholengedwa cholankhula ndi kuganiza chingakhale choipa chibadwire, ndipo zolemba zomwe mwana wake Christopher anasindikiza mu 1993 zikuonetsa kuti ankasinthasintha maganizo. Mu 2020 eni ake a masewera a Dungeons & Dragons analengeza kuti asiya kuonetsa ma orc ndi ma drow, zolengedwa zina za m'masewerawo, ngati mitundu yoipa yonse. Ku Japan komweko mkanganowu ndi wakale kuposa magemu. Nthano ya Momotaro, mnyamata wobadwa m'pichesi amene amapita ku chilumba cha ziwanda zotchedwa oni ndi galu, nyani ndi mbalame n'kubwerako ndi chuma, mwana aliyense amaidziwa. Yukichi Fukuzawa, amene nkhope yake inali pa ndalama ya 10,000 yen kwa zaka 40, analembera ana ake mu 1871 kuti Momotaro ndi wakuba, popeza chumacho chinali ndi eni ake. Mu 1924 Ryunosuke Akutagawa anailembanso nthanoyi: ziwanda zikukhala mwamtendere pachilumba chawo, Momotaro ndiye wobwera kudzapha, ndipo mfumu yawo itagonja ikufunsa chimene analakwa, osapatsidwa yankho lomveka. Ena amakonda kukokera mbiriyi mpaka kwa Oda Nobunaga, mtsogoleri wankhondo wa ku Japan wa m'ma 1500, amene akuti anadzitcha yekha mfumu ya ziwanda polembera mdani wake Takeda Shingen, koma izi timazimva kwa munthu mmodzi, wansembe Luís Fróis, m'kalata ya 1573; kalata ya Nobunagayo palibe anaipeza, ndipo kuigwirizanitsa ndi makatuni a lero n'kukakamiza.

Chomwe sichifuna kukakamiza ndi ichi. Filimu yoyamba yaitali ya katuni ku Japan, Momotaro: Umi no Shinpei ya Mitsuyo Seo, inalipiridwa ndi unduna wa asilikali apamadzi ndipo inatuluka mu Epulo 1945. Momotaro ndi mkulu wa asilikali, nyama zija zikudumpha ndi maparachuti, ndipo ziwanda za pachilumba ndi Azungu olankhula Chingerezi, okhala ndi nyanga pamutu, akunjenjemera pa tebulo lokambirana zogonja. Wolemba mbiri John Dower, m'buku lake la 1986 lonena za tsankho pa nkhondo ya ku Pacific, anaonetsa kuti mbali zonse ziwiri zinkachita zomwezi, a ku America akujambula Ajapani ngati anyani ndi tizilombo toyenera kuthiridwa mankhwala. Ana amene anaonera filimu ya Seo anali ochepa, popeza mizinda inali ikupsa ndi mabomba ndipo ambiri anali atasamutsidwira kumidzi. Mmodzi mwa omwe anaionera ku Osaka anali Osamu Tezuka, wazaka 16, yemwe anadzakhala katswiri wa manga, ndipo analemba kuti anagwetsa misozi chifukwa cha kukongola kwa zojambulazo. Nkhondo itatha anthu ankaganiza kuti filimuyo inawonongedwa, mpaka pamene inapezeka m'nyumba yosungira katundu ya kampani ya Shochiku kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.