Firefox ikakana kutseguka, musafulumire kufufuta

Pa sukulu ina kuno ku Salima pali chipinda cha makompyuta chomwe ndimathandiza kusamalira. Makompyuta onse ndi a Linux, koma mafayilo a wophunzira sakhala m'kompyuta yomwe wakhalapoyo. Amasungidwa pa seva imodzi ku ofesi, kotero kuti akakhala pa mpando uliwonse n'kulowa ndi dzina lake, amapeza zinthu zake zonse. Njirayi ndi NFS, yomwe kampani ya Sun Microsystems inayambitsa mu 1984. Pa makalata ndi zithunzi ilibe vuto. Imene imasautsa ndi browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti monga Firefox ndi Chrome.

Uthenga umene ndimalandira ndi umodzimodzi: "Achimwene, intaneti yafa." Ndikafika ndimapeza intaneti ili bwinobwino. Firefox ndiyo ikunena kuti ndi yotsegula kale pomwe palibe waitsegula, kapena yatseguka koma ma bookmark onse, masamba omwe munthu anasunga kuti adzawapezenso, asowa, ati fayilo ina ili m'manja mwa pulogalamu ina.

Kuyambira pa Firefox 3 ya mu 2008, ma bookmark ndi mndandanda wa masamba omwe mwawerenga zimasungidwa mu fayilo ya places.sqlite. Imeneyi ndi database ya SQLite, ndipo Chrome nayo imasunga mndandanda wake wa masamba mu SQLite. Taganizirani kaundula wa banki m'khonde. Alembi awiri akamalembamo nthawi imodzi, tsiku logawana ndalama pakhala mkangano. N'chifukwa chake SQLite imayamba yakhoma loko pa fayilo isanalembe, ikamaliza n'kumasula. Fayilo ikakhala pa disiki ya kompyuta yomweyo, zimenezi zimachitika m'kuphethira kwa diso. Pa NFS, pempho la loko liyenera kuyenda pa waya kukafika pa seva, yankho n'kubwerera. Waya akakhala wodukaduka kapena seva ikazima, loko amatsala wokhoma mwini wake atapita kalekale.

Palinso china. Mu 2010 SQLite inabweretsa kalembedwe kotchedwa WAL: zatsopano zimayamba zalembedwa mu kafayilo ka pambali, places.sqlite-wal, kenaka n'kusamutsidwira mu fayilo yaikulu. Eni ake a SQLite amanena poyera kuti WAL sinapangidwire mafayilo a pa netiweki, chifukwa mapulogalamu onse ogwiritsa ntchito database ayenera kukhala pa kompyuta imodzi. Ndiye magetsi akathima pakati pa kulemba, monga amachitira kuno mvula ya mphepo ikabwera kuchokera kunyanja, mafayilo awiriwa amatha kutsala osagwirizana.

Ine ndisanakhudze kanthu ndimayamba ndafunsa: dzulo munakhala pa kompyuta iti? Nthawi zambiri mwana anasiya Firefox yotsegula pa kompyuta ya pakona, lero wakhala pa ina. Apatu browser sikunama. Mukatseka ija, ino itseguka.

Ngati palibedi pena pomwe ili yotsegula, lowani mu foda ya .mozilla/firefox, mupeze profile ya munthuyo, foda yomwe Firefox imasungamo zinthu zake zonse. Muli timafayilo tiwiri, lock ndi .parentlock. Mukalemba lamulo la ls -l mu terminal, lock imaonetsa adiresi ya kompyuta yomwe inakhoma. Mukatsimikiza kuti kumeneko Firefox ndi yotseka, fufutani tiwiri tokhato. Kwa Chrome kafayilo kake ndi SingletonLock mu .config/google-chrome.

Onaninso malo. Masukulu ambiri amapatsa aliyense gawo lochepa pa seva, ndipo likadzaza ndi mavidiyo a mpira database imalephera kulemba, uthenga wake n'kufanana ndi wa loko uja. Ndinataya masana athunthu tsiku lina kufunafuna loko, chonsecho linali gawo lodzaza.

Ma bookmark akasowa musataye mtima. Firefox ikapeza database yowonongeka imaisintha dzina kukhala places.sqlite.corrupt n'kuyamba ina, ndipo mu foda ya bookmarkbackups muli makope a masiku apitawo oti mubwezeretse. Pa tsamba la about:support pali batani la Verify Integrity loyezera database. Chomwe ndimaletsa ndi kufufuta .mozilla yonse. Akatswiri ena apamsika amatero chifukwa Firefox imatsegukadi pompopompo, koma mapasiwedi a mu logins.json ndi key4.db apita nawo, ndipo mphunzitsi amene sakumbukira pasiwedi ya imelo yake abwera kwa inu Lolemba.

Kwa wosamalira seva, yang'anani mmene mafoda alumikizidwira. Mukaona mawu oti nolock, ndiye kuti kompyuta iliyonse ikukhoma yokha osauza seva, alembi awiri aja abwerera pa kaundula. NFS 3 imadalira timapulogalamu tapadera, lockd ndi statd, tomwe firewall, mlonda wa pa netiweki, imatha kutitsekera njira. NFS 4 ili ndi maloko mkati mwake, ndipo pa seva ya Linux loko wa kompyuta yomwe yasiya kuyankha amatha mphamvu pakapita masekondi 90.

Pa sukulu ija ndinasamutsira cache, makope a masamba omwe browser imasunga kwa kanthawi, pa disiki ya kompyuta iliyonse, popeza ndi zinthu zoti zikatayika palibe angalire. Profile ndinaisiya pa seva, chifukwa ana amasinthasintha mipando. Ndinapemphanso a hedi kuti agule UPS, batire yogwirizira magetsi akathima, ya seva ndi switch yolumikiza makompyuta, ndipo inafika teremu yatha.