Wodwala misala akamangidwa ku Johannesburg, amuyankhulira ndani?

Pakati pa Amalawi kuno ku Johannesburg, nkhani yoti wina wamangidwa siichedwa. Pofika madzulo gulu la pa WhatsApp ladziwa kale polisi imene ali, msonkhesonkhe wa belo wayambika. Koma womangidwayo akakhala woti mutu wake suyenda bwino, nkhani imayenda monong'ona. Abale amachita manyazi, anzake ogona nawo chipinda chimodzi amaopa kukafunsidwa mapepala ku polisi, ndiye chimene khoti limayenera kumva tsiku loyamba, choti munthuyu ndi wodwala ndipo amamwa mankhwala, palibe wochinena. Ine ndine namwino wa matenda a maganizo, ndipo odwala otere amafika kwa ife patapita miyezi, matenda atakula kutali.

Choyamba kuonongeka ndi mankhwala. Munthu amene amamwa mankhwala a misala monga haloperidol kapena risperidone, kapena amene amabayidwa jakisoni wa pamwezi, amakhala bwinobwino, amagwira ganyu, amatumiza ndalama kumudzi. Akalowa m'chitokosi opanda mapilitsi ake, masiku oyamba saoneka vuto. Pakatha masabata angapo tulo timasowa, mawu amene ena sakuwamva amabwerera, amayamba kukayikira chakudya kuti athiramo kanthu. Wa khunyu ndiye sachedwa n'komwe kugwa. Woti amamwa mowa tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi amatha kuyamba kunjenjemera ndi kuona zinthu zoti kulibe pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo zimenezi zimapha. Palinso ena amene si misala ayi: TB kapena tizilombo tina tikalowa mu ubongo, makamaka kwa amene chitetezo cha m'thupi chatsika ndi HIV, munthu amabwebweta ngati wopenga pomwe akufunika chipatala tsiku lomwelo.

Tsopano muikeni munthu ameneyu m'selo ya rimandi ku Sun City, ndende yaikulu ya Johannesburg, kapena ku Modderbee, momwe anthu amagona mothithikana. Akamayenda usiku wonse n'kumayankhula yekha, anzake amamumenya kuti agone. Akakana kuima pamzere, woyang'anira ndende amati ndi mwano. Oyang'anirawa sindikuwaweruza onse, pakuti anaphunzira kusunga akaidi, ndipo matenda a maganizo ambiri sanaphunzitsidwe kuwazindikira. Koma zotsatira zake n'zakuti chizindikiro cha matenda chimalandira chilango.

Pa pepala, malamulo a South Africa ndi abwino ndithu. Gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko limati aliyense wosungidwa ndi boma ayenera kupatsidwa chithandizo cha mankhwala chokwanira pa ndalama za boma, ndipo mlendo ali momwemo, kaya mapepala ali nawo kaya alibe. Lamulo la Criminal Procedure Act la 1977, m'magawo 77 mpaka 79, limafunsa mafunso awiri osiyana. Kodi munthuyu akutha kutsatira zimene zikuchitika m'khoti ndi kudziteteza? Nanga pa nthawi imene anachita chinthucho, ankazindikira kuti n'cholakwa, ndipo akanatha kudziletsa? Pakakhala chikaiko, khoti limamutumiza kukaunikidwa ndi madokotala a matenda a maganizo kwa masiku osapitirira 30 pa ulendo umodzi. Kuno ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, ntchitoyi imachitika makamaka ku Sterkfontein, ku Krugersdorp, ndi ku Weskoppies, ku Pretoria. Mabedi ndi ochepa, madokotala ndi ochepa, choncho munthu amatha miyezi ali pa rimandi kudikira masiku 30 amenewo.

Mu 2015, pa mlandu wa De Vos, Khoti Loona za Malamulo Oyendetsera Dziko linagamula kuti n'kulakwa kukakamiza makhoti kutsekera m'ndende munthu amene wapezeka kuti sangazengedwe mlandu chifukwa cha matenda a maganizo. Lamulo linasinthidwa mu 2017, komabe linasiya khomo: bedi ikasowa ku chipatala, wodwala wa mlandu waukulu angasungidwe mongoyembekezera m'chigawo cha odwala cha m'ndende. Kuyembekezerako n'kumene kumatalika. Ndiyeneranso kuchenjeza abale amene amaganiza kuti misala ndi njira yachidule yotulukira. Amene walembedwa kukhala wodwala wa boma, kutanthauza amene khoti lalamula kuti asungidwe ku chipatala cha misala, sapatsidwa tsiku lotuluka. Amadikira kuti jaji avomereze pempho lomutulutsa, ndipo atha kukhalitsa kuposa amene anagamulidwa zaka. N'chifukwa chake loya ayenera kudziwa zoona zonse msanga, kuti pa mlandu waung'ono apemphe zoti munthu akalandire mankhwala ali kunja.

Kwa ife alendo pali chipsinjo china chimene malamulo sachiona bwino. Matenda a maganizo sayezedwa ndi magazi; dokotala amawapeza pomvetsera. Mnyamata wa ku Mangochi kapena ku Ntcheu amene Chingerezi chake ndi cha pa ntchito basi, akafunsidwa ndi dokotala wachilendo amangoyankha kuti ali bwino, mutu uli pansi, chifukwa kwathu wamkulu sumuyang'ana m'maso. Dokotala atha kulemba kuti akubisa kanthu, kapena kuti palibe vuto. Wina akati amalume ake anamulodza kuti asapeze ntchito, dokotala atha kulemba kuti wasokonezeka, pomwe theka la basi yochokera ku Blantyre lingagwirizane naye. Koma akati amalumewo anamuika wailesi m'mimba ndipo amamulamula usiku uliwonse, Mmalawi aliyense adziwa kuti apa pavuta. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna womasulira wodziwa chinenero ndi chikhalidwe chomwe. M'khoti womasulira ndi ufulu wa wozengedwa mlandu, koma ku chipinda cha odwala m'ndende kawirikawiri amangoitana mkaidi mnzake. Ndani angaulule kuti akufuna kudzipha pamaso pa munthu amene agona naye selo imodzi usiku womwewo? Apa ine ndimaona kuti ofesi ya kazembe wa Malawi ndi mipingo yathu, imene yadzaza anthu ophunzira, ikanatha kusunga mndandanda wa omasulira odalirika, osadikira kuti boma la eni dziko litiganizire.

Wodwala akavuta kwambiri, njira yofulumira kwa oyang'anira ndi kumutsekera kwayekha. Kunja kumakhala bata, koma m'mutu mwake phokoso limakula, ndipo ambiri odzivulaza amachitira komweko. Mu December 2015 bungwe la United Nations linavomereza malamulo osamalira akaidi amene anapatsidwa dzina la Nelson Mandela, yemwe ndende anaidziwa kwa zaka 27. Malamulowa amaletsa kutsekera munthu kwayekha, maola 22 kapena kuposa pa tsiku, kwa masiku opitirira 15 otsatizana, ndipo amaletseratu kutero kwa wodwala maganizo ngati kungakulitse matenda ake. Lamulo la ndende la South Africa, Correctional Services Act la 1998, limalamula kuti wopatulidwa aonedwe ndi namwino, dokotala kapena katswiri wa maganizo tsiku lililonse, ndiponso kuti nkhani yake ikanenedwe kwa jaji woyendera ndende. Ofesi ya jajiyu, JICS, ili ndi anthu oima paokha amene amayendera ndende kulandira madandaulo, ndipo m'bale wa mkaidi akhoza kukadandaulako.

Anthu a ku Gauteng sanaiwale za Life Esidimeni, pamene odwala maganizo 144 anafa atasamutsidwa mu 2016 kuchoka m'zipatala za dzinali kupita kumalo osayenera pofuna kupulumutsa ndalama. Nkhaniyo inaphulika chifukwa abale sanatope kufunsa. Wodwala wachilendo amene ali m'ndende nthawi zambiri alibe womufunsira.

Choncho m'bale wanu akamangidwa, pezani khadi lake la ku kiliniki, mabokosi a mankhwala, ngakhale buku la kuchipatala la kumudzi lolembedwa ku Zomba Mental kapena ku St John of God. Womangidwa amayenera kuonekera m'khoti pasanathe maola 48, ndipo maloya a Legal Aid South Africa amaimira osauka mwaulere. Mupatseni loyayo zinthuzi majisitireti asanakhale pansi. Ngati inuyo mukuopa za mapepala, tumani abusa, shehe kapena mnzanu amene zake zili bwino. Ndipo wodwala akayamba kuopseza asanapalamule, dziwani kuti gawo 40 la Mental Health Care Act la 2002 limauza apolisi kumupereka ku chipatala, komwe amaunikidwa kuti aone ngati akufunika kugonekedwa. Nenani momveka poimba foni kuti ndi wodwala ndipo mukupempha zimenezo.

Ambiri mwa anthu athu mlandu ukatha amapita ku Lindela, malo osungirako alendo opanda mapepala, kudikira kubwezedwa kwawo. Apanso mankhwala amaduka, ndipo munthu amatsika ku Mwanza wopanda kalata yonena dzina la matenda ake kapena mlingo wa mapilitsi. Asananyamuke, pemphani kwa namwino kalata yotumizira wodwala ndi mankhwala okwanira ulendo, jambulani kalatayo pa foni, mutumizire amene akamulandire.