Zilembo zotupa pa khadi: nkhani yagona pa inki ndi kutentha

Anthu akagwira khadi lomwe zilembo zake zatupa n'kumanyezimira ngati golide amaganiza kuti pali makina akulu. Ayi ndithu, ndi chidindo cha labala, inki, paudala wa embossing (wotupitsira zilembo) ndi heat gun (kachipangizo kotulutsa mpweya wotentha kwambiri) basi. Paudalayu ndi pulasitiki wopera, ukamutenthetsa amasungunuka n'kuuma atatupa pamwamba pa pepala.

Pomwe ambiri zimawavuta ndi pa inki. Inki wamba ija ya dye imalowa m'pepala n'kuuma musanatsegule n'komwe kabotolo ka paudala, ndiye paudala alibe pogwira. Mufunika inki yochedwa kuuma komanso yomata, ngati VersaMark yomwe ilibe mtundu, kapena ya pigment. Ikani inkiyo pa chidindo mogogoda pang'onopang'ono osati kukhula, dindani molunjika n'kukanikiza paliponse mofanana koma osagwedeza dzanja, mukangogwedeza zilembo zimatuluka ziwiriziwiri ndipo palibenso chokonza. Zidindo zoonekera mkati zomata pa acrylic block (kachidutswa ka pulasitiki wolimba woonekera mkati kogwirira chidindo) ndimazikonda kwa oyamba kumene poti mumaona pomwe mukudinda.

Musanadinde pukutani khadi ndi kathumba ka anti-static (kokhala ndi ufa woletsa paudala kumamatira pena paliponse), chifukwa mafuta a m'zala zathu amagwira paudala malo osafunika. Mukadinda thirani paudala wambiri osaumira, pendeketsani khadi wotsalayo agwere pa pepala lina mubwezere m'botolo, timadontho tosochera chotsani ndi kaburashi kouma panopa, pakuti tikangosungunuka ndiye takhazikika. Ngati ndi mawu ang'onoang'ono tengani paudala wosalala kwambiri, wokhakhala uja amatseka mabowo a zilembo ngati a ndi e.

Tsopano kutenthetsa, apa ndiye pofunika maso. Draya ya tsitsi isiyeni, imauluza paudala komanso kutentha kwake sikukwana. Yatsani heat gun iyambe yatentha kaye musanayilozetse pa khadi, muigwire motalikirako pang'ono ndipo muziyendetsa, mudzaona paudala akusintha kuchoka pa mbuu kuyamba kunyezimira, pomwe pasinthapo chokanipo nthawi yomweyo mupite pena. Mukakhalitsa malo amodzi pulasitiki uja amalowa m'pepala, kutupa kuja kumatha, pepala limapindika mwinanso kupsa kumene. Kutenthetsako kumbuyo kwa khadi kumathandiza kuti lisapindike. Dikirani kamphindi lizizire musanakhudze, ndipo zala zikhale kutali ndi mpweya wotenthawo.

Pepala la printa la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) silingapirire zimenezi, pezani lolimba la 250 mpaka 300 gsm. A4 mukaidula pakati n'kupinda theka lililonse mumapeza makhadi awiri a A6, koma yambani mwakanikiza mzere ndi bone folder (kachida kosalala kopindira mapepala) popindapo kuti pasasweke.

Pali embossing inanso yosafuna kutentha, yoika pepala mu embossing folder (foda ya pulasitiki yokhala ndi zithunzi zotupa) n'kulipanikiza m'makina ngati Sizzix Big Shot, imakongoletsa bwino kumbuyo kwa mawu koma imeneyo ndi yophweka. Yomwe imandisangalatsa ine ndi iyi: dindani maluwa pa khadi loyera ndi VersaMark, thirani paudala woonekera mkati, tenthetsani, kenako pakani inki yamtundu pamwamba ponse ndi kasiponji. Pomwe pali pulasitiki inki siigwira, mukapukuta ndi kansalu maluwa aja amatuluka oyera mbee pakati pa mtunduwo. Yesani kaye pa zidutswa zotsala kuti dzanja lizolowere nthawi yochotsera heat gun musanagwire khadi lenileni.